Nsima, Banting ndi Moni Woti "Mwanenepa"

Pa Park Station mu Johannesburg, pomwe mabasi a ku Blantyre, Lilongwe ndi Lusaka amanyamukira, Chichewa ndi Chinyanja zimamveka paliponse pakati pa zikwama za apaulendo. M'misewu yozungulira siteshoniyi amagulitsa pap ndi nyama, magwinya, tchipisi ndi zakumwa zotsekemera. Amene akubwerera kumudzi amadziwiratu moni umene ukumudikira: "Koma mwanenepatu, ku Joni kwakuyanjani!" Moni umenewu ndi wachikondi, koma ndi umodzi mwa misampha imene imagwetsa munthu amene dokotala anamuuza kuti achepetse thupi chifukwa cha matenda a shuga kapena kuthamanga kwa magazi.

Ku South Africa njira yotchuka yochepetsera thupi ndi Banting, kadyedwe kosala zakudya zokhutitsa monga nsima, mpunga, buledi ndi shuga, n'kumadya nyama, mazira, masamba ndi mafuta. Dzinali linachokera kwa William Banting wa ku London, amene analemba za kuwonda kwake mu 1863. Pulofesa Tim Noakes wa ku Cape Town ndi anzake ndiwo anaitchukitsa ndi buku lawo la mu 2013, The Real Meal Revolution, ndipo ena mwa olankhula Chichewa okhala m'dzikoli anaiyesa.

Masabata oyamba amasangalatsa, pakuti sikelo imatsika msanga. Gawo lina la kutsikako ndi madzi chabe, amene thupi limataya likamatha shuga wosungidwa m'chiwindi ndi m'minofu. Nkhondo yeniyeni imayamba pambuyo pake: thupi likachepa limagwiritsa ntchito mphamvu zochepa, pamene njala imakula. Kafukufuku wa ku Stanford University wofalitsidwa mu 2018 anatsatira anthu 609 kwa miyezi 12, ndipo anapeza kuti ochepetsa zakudya zokhutitsa ndi ochepetsa mafuta anawonda pafupifupi mofanana. Choncho funso lalikulu ndi lakuti ndi kadyedwe kati kamene munthu angakhale nako zaka zambiri.

Kwa Mchewa yankho lake limakhudzanso chilankhulo. M'Chichewa, kudya kwenikweni ndi kudya nsima. Mlendo akapatsidwa mpunga kapena mbatata amatha kunena mawa lake kuti anagona ndi njala. Masamba, nsomba ndi nyama zonse ndi ndiwo, zoperekeza nsima, ndipo mwana wodya ndiwo zambiri amatchedwa wankhuli. Banting imalamula kuti munthu adye ndiwo zokha, zomwe pamphasa ya kumudzi ndi khalidwe loipa. Mawu oti kuwonda nawonso ali ndi chipsera. M'zaka za m'ma 1990, pamene Edzi inkatchedwa kaliwondewonde, wochokera kunja atawonda ankanong'onedwa. Mantha amenewo sanatheretu, ndipo mayi woona mwana wake wachepa thupi amawonjezera mtanda m'mbale.

Palinso nkhani ya ndalama. Mlonda kapena wantchito wa m'nyumba amene amagawana chipinda ndi anzake ku Hillbrow, n'kumatumiza ndalama kumudzi mwezi ndi mwezi, sangadye nyama ndi mapeyala tsiku lililonse. Thumba la ufa ndilo limafikitsa kumapeto kwa mwezi. Munthu wotere akalumbira kuti sadzakhudzanso nsima, lumbirolo limasweka pa maliro kapena pa ukwati woyamba, ndipo wosweka mtima amabwerera ku kadyedwe kakale konse.

N'chifukwa chake kuchepetsa kumaposa kusala. Choyamba kusiyidwa chikhale zakumwa zotsekemera, tiyi wa masupuni anayi a shuga ndi magwinya a panjira. Kenako mitanda itatu itsike kufika pa umodzi, wa mgaiwa ngati ulipo, ndipo mbale idzaze ndi nkhwani, bonongwe, therere, usipa, matemba, mazira ndi masamba otendera. Nyemba, zomwe Banting yokhwima imaletsa, zimakhutitsa nthawi yaitali pa mtengo wotsika. Okhulupirira kuti kuchepetsa nsima ya chimanga n'kutaya chikhalidwe akumbukire kuti chimanga chinachokera ku America, ndipo makolo akale ankadya mapira ndi mawere. Koma wakumwa mankhwala a shuga kapena wobaya insulin ayambe waonana ndi dokotala, chifukwa shuga angatsike moopsa.

Ntchito yotsala ili kwa abale olandira alendo pa depoti ya Wenela ku Blantyre kapena ku Inter-City ku Lusaka. Wobwera kuchokera ku Park Station atachepa thupi asafunsidwe ngati akudwala, ndipo akakana mtanda wachiwiri asaonedwe ngati wanyoza wophika. Moni woti "mukuoneka athanzi" ndi Chichewa chabwinonso, ndipo sukakamiza munthu kudya zimene dokotala wake anamuletsa.