Kodi wasayansi timuyeze ndi manambala okha?

Pepani kuti ndinangoti zii kwa masabata angapo, inali nyengo yochonga mayeso ndiye anzanga aphunzitsi mukudziwa kale mmene zimakhalira.

Sabata yatha mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa Biology ku Fomu 4, panopa ali ku yunivesite, ananditumizira mbiri ya wofufuza wina wa kunja. Munthuyo amafufuza za mapuloteni opezeka mu umuna wa bambo ndi m'dzira la mayi. M'mbirimo munalibe mawu ambiri, munangodzaza manambala: kuchuluka kwa mapepala amene walemba, maulendo amene anzake amutchula m'zolemba zawo, ndi nambala ina yotchedwa h-index. Mnyamatayo anawonjezera kuti, "Aphunzitsi, katswiri weniweni ndi uyu, taonani manambala akewo." Ndinamuyankha mwachidule, koma nkhaniyi yakhala ikundizungulira m'mutu mpaka ndati ndiilembe pano.

Maganizo anga ndi akuti manambalawo sanama, koma sayankha funso limene mnyamatayu ali nalo. Iye akufuna kudziwa ngati ntchito ya munthuyo ndi yoona komanso yothandiza. Manambala amangotiuza kuti anthu angati analemba dzina lake.

Tiyambe ndi kumvetsa kumene manambalawa amachokera. Wasayansi akapeza kanthu katsopano amalemba pepala n'kulitumiza ku magazini ya sayansi. Anzake akamalemba mapepala awo amatchula pepala lija ngati linawathandiza. Eugene Garfield wa ku America ndi amene anayamba kusonkhanitsa kutchulana kumeneku m'buku lotchedwa Science Citation Index, limene linatuluka mu 1964. Kenako mu 2005 katswiri wa fizikisi dzina lake Jorge Hirsch anabweretsa h-index. Kawerengedwe kake n'kosavuta. Ngati munthu ali ndi h-index ya 20, ndiye kuti ali ndi mapepala 20 amene lililonse latchulidwa maulendo osachepera 20. Kwathu kuno pa MSCE mapointi akachepa m'pamene mwana wakhoza, koma kumeneku nambala ikakula m'pamene anthu amakuvulira chipewa.

Nanga proteomics n'chiyani? Mawu akuti proteome anayambitsa ndi Marc Wilkins wa ku Australia mu 1994, ndipo amatanthauza mapuloteni onse opezeka mu selo kapena m'chiwalo pa nthawi inayake. Ana a sukulu ndimawauza kuti majini amapereka malangizo koma ogwira ntchitoyo ndi mapuloteni. Ofufuza a proteomics amagwiritsa ntchito makina otchedwa mass spectrometer kuti adziwe mapuloteni mazanamazana nthawi imodzi, m'malo mofufuza imodziimodzi.

Tsopano imvani izi. Mu 2014 magazini ya Nature inasindikiza mndandanda wa mapepala 100 otchulidwa kwambiri m'mbiri ya sayansi. Pepala loyamba linali la Oliver Lowry ndi anzake la mu 1951, lofotokoza njira yoyezera kuchuluka kwa mapuloteni m'madzi, ndipo linali litatchulidwa maulendo oposa 300,000. Pepala la Watson ndi Crick la mu 1953, lija linafotokoza maonekedwe a DNA amene timajambula pa bolodi chaka ndi chaka, silinapezeke n'komwe pa mndandandawo. Chifukwa chake n'chakuti aliyense woyeza mapuloteni amayenera kunena njira imene wayezera, ndiye dzina la Lowry limangolowa lokha. Zili ngati sikelo ya pa msika. Wogulitsa mtedza aliyense amaigwira, koma sitinganene kuti sikeloyo ndi imene inalima. Pamene mfundo ya Watson ndi Crick inalowa m'mabuku a sukulu, ndipo chinthu chikadziwika ndi aliyense anthu amasiya kutchula kumene chinachokera. Sindikunyoza Lowry ayi, njira yake inathandiza anthu ambiri. Ndikungoti nambala imayeza kugwiritsidwa ntchito, osati kukula kwa nzeru.

Chitsanzo chachiwiri chimandipweteka mtima. Pa 25 July 1978 ku Oldham, ku England, kunabadwa Louise Brown, mwana woyamba kubadwa kudzera mu njira ya IVF, imene dzira ndi umuna amazikumanitsira mu labotale. Mayina amene dziko linamva ndi a Robert Edwards ndi Patrick Steptoe. Koma panalinso munthu wachitatu, Jean Purdy, namwino amene anayamba kugwira ntchito ndi Edwards mu 1968 ndipo ndi amene ankasamalira mazirawo mu labotale. Kalata imene inalengeza za kubadwa kwa mwanayu m'magazini ya The Lancet inali ndi mayina awiri okha, la Steptoe ndi la Edwards. Akuluakulu a zaumoyo a ku Oldham atakonza chikwangwani chokumbukira ntchitoyi, dzina la Purdy analisiya, ngakhale Edwards mwini wake anawalembera makalata odandaula. Purdy anamwalira mu 1985 ali ndi zaka 39. Steptoe anamwalira mu 1988, ndipo mphoto ya Nobel ya mu 2010 analandira Edwards yekha, poti mphotoyi sapatsa anthu omwalira. Purdy analemba nawo mapepala ena, inde, koma palibe nambala imene ingakuuzeni za zaka 10 zimene anakhala akuyang'ana mu maikulosikopu zinthu zikulephereka. Tisaiwalenso kuti mu 1971 bungwe la Medical Research Council la ku Britain linakana kuwapatsa ndalama zochitira kafukufukuyu. Oweruza nawonso amaphonya.

Chitsanzo chachitatu ndi cha Hwang Woo-suk wa ku Seoul National University ku South Korea. Mu 2004 ndi 2005 anatulutsa mapepala awiri m'magazini yotchuka ya Science onena kuti wapanga maselo apadera kuchokera ku mazira a amayi. Dziko lonse linaomba m'manja ndipo ofufuza anzake anamutchula m'zolemba zawo. Pofika January 2006 zinadziwika kuti zotsatirazo zinali zopeka, ndipo magaziniyo inachotsa mapepala onse awiri. Zinadziwikanso kuti ena mwa mazirawo anachokera kwa amayi amene ankagwira ntchito pansi pake. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ndiye dziwani kuti kompyuta yowerenga sisiyanitsa wokutchula pokuyamikira ndi wokutchula pokutsutsa. Onse amangowonjezera nambala yako.

Mwina wina afunsa kuti, aphunzitsi, ndiye tingowataya manambalawo? Ayi ndithu. Ine ntchito yanga ndi yopereka malikisi ndipo ndikudziwa ubwino wake. Popanda mapointi, malo a ku yunivesite bwenzi akupita kwa mwana wa amene amadziwana ndi akuluakulu. Nambala imateteza munthu wopanda omuyankhulira. N'chimodzimodzinso mu sayansi: wofufuza amene mapepala ake akugwiritsidwa ntchito ndi anthu a m'mayiko ambiri kwa zaka zambiri, ndiye kuti pali kanthu kamene wachita. Koma mphunzitsi aliyense amadziwanso mwana amene anakhoza bwino chifukwa choloweza mapepala a mayeso akale, ndi wina amene anapeza mapointi ochulukirapo koma phunziro analimvetsa. Ofufuza enieniwo anaona vutoli, n'chifukwa chake mu 2012 ena mwa iwo atakumana ku San Francisco anakonza chikalata chotchedwa DORA, chopempha kuti ntchito ya munthu iziyezedwa powerenga zimene walemba, osati poona kutchuka kwa magazini imene walembamo.

Chimene chikundichititsa kuumirira pa nkhaniyi ndi anthu amene kafukufukuyu amayenera kuwathandiza. Bungwe la WHO linanena mu 2023 kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa 6 alionse amakumana ndi vuto la kusabereka pa nthawi ina m'moyo wake. Madokotala amati pa mabanja pafupifupi theka mwa amene ali ndi vutoli, bambo amakhala ndi mbali yake, kaya yekha kapena pamodzi ndi mayi. Koma m'midzi ndi m'matauni mwathu tonse tikudziwa amene amalozedwa chala. Ndi mayi amene amatchedwa chumba, ndi mayi amene alamu ake amamunena pa mtondo, ndipo nthawi zina ndi mayi amene amauzidwa kuti alongedze. Bambo kupita kukayezetsa, ambiri amakana.

Pamenepa m'pamene ntchito ya mapuloteni imaonekera phindu. Mu 2005 gulu la Masaru Okabe ku Osaka University ku Japan linapeza puloteni ya pa umuna imene anaitcha Izumo. Mbewa zazimuna zopanda puloteniyi zimatulutsa umuna wooneka bwinobwino, umene umafika pa dzira koma osatha kulumikizana nalo. Panapita zaka 9 kuti mnzake wa Izumo apezeke. Mu 2014 Enrica Bianchi ndi Gavin Wright a ku Sanger Institute, kufupi ndi Cambridge, anapeza puloteni ya pa dzira imene imagwirana ndi Izumo, n'kuitcha Juno. Mbewa zazikazi zopanda Juno sizibereka. Ine ndikamaphunzitsa za kubereka ndimatchula zimenezi kuti anyamata amve kuti munthu akhoza kuoneka wamphamvu koma vuto lili pa kanthu kosaoneka ndi maso, ndipo limatha kukhala mbali iliyonse. Mfundo imodzi yotereyi ndimaiona yolemera kuposa mapepala 50 obwereza zomwezomwezo.

Choncho mnyamata wanga uja ndamulemberanso. Ndamuuza kuti manambalawo awaone, koma asankhe mapepala atatu a munthuyo n'kuwawerenga yekha. Aone chimene munthuyo anapeza chimene sichinkadziwika kale. Aone ngati ofufuza ena, a ku labotale ina, anabwereza ntchitoyo n'kupeza zomwezo. Aone ngati omutchulawo ndi anthu osiyanasiyana kapena ndi iye mwini ndi anzake apamtima akungotchulana. Ndipo pa mndandanda wa mayina a olemba aganizire za amene anagwira ntchito ya manja, poti mutu umodzi susenza denga.

Wandiyankha kuti mapepalawo ndi ovuta kumva. Ndamuuza kuti ayambe ndi limodzi, dikishonale ili pambali, ndipo pa tchuthi akabwera tidzakhale pansi tiwerengere limodzi, poti nanenso pali zambiri zoti ndiphunzire.

Anzanga ophunzitsa Biology, tandiuzeni mmene ana anu amailandirira nkhani ya kusabereka kwa abambo mukaitchula m'kalasi.