KUSANKHA KUFUNA MUYESO: PHUNZIRO LA KARIBA NDI KAFUE

M'caka ca 1955 boma la Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland linali ndi njira ziwiri zopezera malaiti: kumanga damu pa mtsinje wa Kafue kapena pa Zambezi ku Kariba. Azungu a ku Northern Rhodesia anafuna Kafue popeza inali yocepa mtengo ndiponso pafupi ndi migodi ya mkuwa. Koma akulu a ku Salisbury anasankha Kariba cifukwa inali kudzapereka mphamvu zambiri.

Mainjiniya anawerengera ndalama, madzi ndi miyala, ndipo cipupa cao ca mamita 128 cikali ciimire. Koma mafunso awiri sanalemekezedwe. Loyamba: nanga anthu a m'cigwaco adzapita kuti? Atonga okwana ngati 57,000 anasamutsidwa, nasiya minda ndi manda a makolo ao. Laciwiri: makina adzakhala m'manja mwa yani? Makina oyamba anaikidwa kutsidya la kumwera, ndipo pamene Ian Smith anapanduka mu 1965, dziko la Zambia linapezeka kuti malaiti a migodi yace akucokera kwa mdani. Ndico cace boma la ufulu linamanga Kafue Gorge, imene inayamba nchito mu 1971. Cilala ca 2024 cinaonjezapo funso lacitatu: nanga mvula ikakana?

Phunziroli likhudzanso mudzi umene ufuna madzi. Citsime cokumba ndi manja n'cocepa mtengo, koma cikhoza kuuma m'mwezi wa October. Mjigo ufika pa madzi akuya, koma ukathyoka ufuna zitsulo ndi munthu wodziwa kuukonza. Damu laling'ono limwetsa ng'ombe, koma limeza minda ya ena ndi kuweta udzudzu.

Tsono mfumu ndi anthu ace asayambe ndi kutsutsana kuti cabwino n'citi. Ayambe agwirizana miyeso: mtengo womangira, mtengo wokonzera, zaka zimene cinthuco cidzakhala, amene adzataya munda, ndi amene adzaciyang'anira. Agwirizanenso muyeso umene uposa inzace. Atatero, njira iriyonse iyesedwe pa miyeso yomweyo, ndipo zonse zilembedwe poyera. Amai, amene amasenza mitsuko, afunsidwe poyamba.

Ena adzati kuteroko n'kucedwetsa citukuko. Koma kucedwa sabata imodzi pansi pa mtengo wa bwalo kuposa kulira zaka makumi awiri pa mjigo wakufa. Akulu anati safunsa anadya phula.