ZA PAMUDZI PATHU: NJERWA, NKHUNI NDI LAMULO



Mbvula ikakata, dzinthu zitalowa m'nkhokwe, nchito ya njerwa iyamba. Kumadambo ndi m'mbali mwa mitsinje anyamata aponda matope, chikombole chiri m'manja, ndipo pofika miyezi ya Ogasiti ndi Seputembala utsi wa mauvuni uoneka ponse ponse. Mwezi uno tikambirane za nchito imeneyi, pakuti pali lamulo la boma lonena za njerwa limene ambiri angolimva mwa mphekesera. Ena lawaopsa koposa muyeso, ena alinyozera konse, ndipo onsewo asokera chifukwa chosalidziwa bwino.

Lamulolo ndi ili. M'chaka cha 2018 bungwe la boma loyang'anira za mamangidwe, dzina lache National Construction Industry Council, lidaika malamulo oletsa kumanga nyumba za boma, za mabungwe ndi za malonda ndi njerwa zoochedwa ndi nkhuni monga tizolowera kumudzi. Omanga nyumba zotere ayenera kugwiritsa nchito mabuloko a simenti, kapena njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, kapena zipangizo zina zosatha mitengo. Lamuloli silidalunjike pa nyumba yogonamo imene banja lidzimangira lokha pamudzi. Koma litikhudza ife pa nchito zathu zachitukuko. Kale mudzi ukafuna chipinda chophunziriramo kapena nyumba ya chipatala, anthu ankaumba njerwa ndi kuocha uvuni, boma kapena othandiza nabwera ndi malata ndi simenti. Lero mudzi ungathe kutaya miyezi iwiri ndi mitengo yambiri pa uvuni waukulu, pambuyo pache nuuzidwa kuti njerwazo siziloledwa pa nyumba yotere. Chotero anyakwawa ndi a komiti, musanaitane anthu ku thope, yambani mwafunsa kwa akuluakulu oona za zomanga ku khonsolo ya boma lanu. Safunsa adadya phula.

Nanga boma lidaipidwa nayo chiani njerwa yoocha, imene makolo athu adaiona ngati chizindikiro cha munthu wotukuka? Njerwayo iribe mlandu. Mlandu uli pa nkhuni. Uvuni sudya tsatsa kapena zitsononkho monga moto wophikira nsima. Ufuna zipika zazikulu za mitengo yolimba, zoti ziyake usana ndi usiku kwa masiku angapo, ndipo mitengo yotere ndiyo muwanga, tsanya, msuku, ndi ina imene ikula pang'onopang'ono zaka zambiri. Kumene mitengo yachilengedwe idatha, nkhwangwa yafika ndi pa mango amene adabzala agogo. Pamene anthu anali ochepa, thengo linkadzibwezera lokha. Koma kalembera wa chaka cha 1966 adapeza anthu ngati 4 miliyoni m'Malawi, ndipo wa chaka cha 2018 adapeza 17.5 miliyoni. Banja liri lonse latsopano lifuna nyumba yache, ndipo nkoyenera kutero. Koma dziko silidakule, ndi mitengo sifulumira kukula chifukwa anthu achuluka.

Phiri likakhala lopanda mitengo, madzi a mbvula salowa pansi. Athamanga pamwamba, nakokolola chonde cha m'minda, nakwirira mitsinje ndi mchenga. Matope otere ndiwo abvutitsa makina opanga magetsi pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Zitsime ziphwa msanga, ndi amai ayenda mtunda wautali kufuna madzi ndi nkhuni. Maenje okumbamo dothi la njerwa nawo asunga madzi oswanamo udzudzu, ndipo ali msampha kwa ana ang'ono. Sitidaiwale maliro a mwezi wa Marichi 2023, pamene namondwe Freddy adagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche pa nyumba za ku Chilobwe mu Blantyre, naononganso ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu, anthu mazana ambiri natisiya. Mbvula ija inali yoposa imene munthu angaitchinge. Komabe mapiri osabvala mitengo ndi nyumba zomangidwa m'njira za madzi zidakulitsa tsokalo. Akulu adati madzi saiwala khwawa.

Pali lamulo lachiwiri, ndipo ili likhudza munthu ali yense. Ndilo lamulo la za nkhalango la chaka cha 1997, limene adalikhwimitsa m'chaka cha 2020 pokulitsa zilango. Kudula mitengo m'nkhalango yotetezedwa ndi boma popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo nkhalango ya mudzi iri ndi malamulo ache amene asungidwa ndi mfumu pamodzi ndi komiti yache. Motero bambo woocha njerwa za nyumba yache sadzafunsidwa za njerwazo, koma angathe kufunsidwa kumene adatenga nkhuni.

Tsono wina adzati: Mphunzitsi, mwatiletsa uvuni, kodi tigone pamtetete? Iai ndithu. Njira zomangira zosadya nkhalango ziripo, ndipo zina nzakale kuposa uvuni womwe.

Yoyamba ndiyo ya makolo athu, mdindo ndi zidina. Nyumba ya dothi izizira bwino masana a mwezi wa Okutobala, nisunga kutentha usiku wa mwezi wa Juni, chifukwa khoma lochindikala lichedwa kutentha ndi kuchedwanso kuzizira. Mdani wache ndi mmodzi, ndiye madzi, kaya ochokera pansi kaya ochokera kumwamba. Nyumba zadothi zimene zigwa m'dzinja kawirikawiri ziri zopanda maziko, kapena denga lache lilekeza pafupi ndi khoma. Kumbani maziko, muwamange ndi miyala kufikira atakwera pamwamba pa nthaka, muyalepo pepala lakuda la pulasitiki kuti chinyezi chisakwere, ndipo denga lituluke kunja ndithu, likhale ndi khonde mbali zonse. Mu Blantyre muli nyumba ya Mandala, yomangidwa m'chaka cha 1882 ndi njerwa ndi dothi, yokhala ndi khonde lalikulu lotchinga makoma ache. Iri chiimire kufikira lero.

Yachiwiri ndiyo njerwa za dothi losakaniza ndi simenti. Atenga dothi la pansi, osati lakuda la pamwamba lolimapo, nalisefa, nathira muyeso umodzi wa simenti pa miyeso ya dothi yoyambira 10 kufikira 20, monga mwa mtundu wa dothilo. Anyowetsa pang'ono chabe, napsinja m'makina oyendetsa ndi manja. Njerwa zotere siziona moto. Aziika pamthunzi, azifunditsa ndi kuziwaza madzi, ndipo zikhwima bwino patapita masiku 28. Amene afulumira kuziyanika padzuwa aziononga, pakuti simenti ilimba ndi chinyezi. Kuti mudziwe dothi lanu, thirani pang'ono m'botolo loonekera, muonjeze madzi, mukhutchumule, ndi kulisiya usiku wonse. Mchenga udzakhala pansi, dongo pamwamba. Dothi labwino ndilo la mchenga wochuluka ndi dongo lochepa. La pachulu, lokhala ndi dongo lambiri, ling'aluka likauma.

Musayese kuti kumanga ndi dothi ndi nchito ya osauka okha. Ku Burkina Faso, dziko la kumadzulo kwa Africa kotentha koposa kwathu kuno, mmisiri wolemba mapulani a nyumba, Francis Kéré, adamanga sukulu m'mudzi wa kwao wa Gando m'chaka cha 2001. Anthu a m'mudzimo ndiwo adaumba njerwa za dothi ndi simenti pang'ono, ndipo denga la malata adalikweza pamwamba kuti mphepo idzipita pansi pache ndi kuchotsa kutentha. M'chaka cha 2022 adalandira mphotho ya Pritzker, imene iri yaulemu koposa pakati pa amisiri a mapulani, ndipo anali munthu woyamba wa mu Africa kuilandira. Akatswiri a maiko olemera abwerera tsopano ku dothi limene ife tayamba kulichitira manyazi.

Yachitatu ndiyo mabuloko a simenti ndi mchenga, amene achuluka m'matauni. Amangika msanga ndipo sadya nkhuni. Koma tisabise kuti simenti ndi yokwera mtengo, ndipo mabanja ambiri sangathe kugula matumba okwanira nyumba yonse. Ndiponso simentiyo aipanga poocha miyala ya laimu pa moto waukulu, kawirikawiri wa malasha, kotero kuti nchito yopanga simenti iri pakati pa zimene zitulutsa mpweya wambiri wotenthetsa dziko lapansi. Mchenga nawo ukakumbidwa mosasamala ugumula magombe a mitsinje. Palinso amisiri achinyengo amene achepetsa simenti kuti apindule, buloko nkumanyenyeka m'manja. Wogula ayambe wayesa limodzi asanalipire.

Tiwakumbukirenso anyamata athu amene adya za uvuni, nalipira nazo sukulu ya abale ao. Kuwaletsa popanda kuwaonetsa nchito ina ndiko kuwatumiza kukaocha makala. Makina opsinja njerwa ndi odula kwa munthu mmodzi, koma gulu la anthu khumi kapena bungwe la banki ya m'mudzi lingathe kusonkha ndi kugula amodzi, nagulitsa njerwa zololedwa ndi lamulo kwa omanga masukulu ndi masitolo. Mutu umodzi susenza denga.

Ndidziwa kuti alipo ena amene, atawerenga zonsezi, adzaochabe njerwa chaka chino, chifukwa njira zina siziri pafupi ndi iwo. Kwa otere nditi: musadule m'nkhalango ya boma, m'mbali mwa mtsinje, kapena pamanda, ndipo mitengo ya zipatso muileke. Gwirizanani mabanja awiri kapena atatu pa uvuni umodzi womata bwino, pakuti mauvuni ang'onoang'ono ambiri ataya moto pachabe. Njerwa ziume zenizeni musanazipange uvuni, chifukwa yaiwisi idya nkhuni zambiri ndi kusweka. Kwirirani maenje mukatha. Ndipo nyengo yobzala mitengo ikafika, kuyambira pa 15 Disembala kufikira pa 15 Epulo, bzalani yoposa imene mudadula, ndi kuisamala kuti mbuzi ndi moto wolusa zisaiononge. Nsungwi, kesha ndi malaina zikula msanga, ndipo zidzakupatsani mapaso ndi nkhuni ana anu asanakule.

Bambo amene ali ndi mwana wa zaka khumi lero adziwe kuti zaka khumi kapena khumi ndi zisanu zikubwerazi mwanayo adzafuna malo, mitengo ya denga ndi chitseko. Mudzapita naye kuti kukadula? Kambiranani funso limeneli m'banja madzulo ano, ndipo anyakwawa alifikitse pabwalo dzinja lisanayambe, kuti mudzi uli wonse upatule malo a nkhalango yache ndi kukonza nazale nthawi ikalipo.

Mwezi wa mawa tidzakamba za kamangidwe ka chimbudzi chosagwa ndi mbvula. Tsalani bwino nonse.

Ine wanu,
Mphunzitsi