Cipale Cikucepa pa Mapiri a Alps: Madzi Apite kwa Yani?

Mlimi amene amayang'ana kumwamba mu Novembala kuyembekezera mvula angamvetse msanga nkhawa ya anthu okhala pa mapiri a Alps ku Ulaya. Iwonso amayang'ana kumwamba mu Disembala, koma cimene amayembekezera ndi cipale cofewa, ndico madzi oundana amene amagwa monga ufa woyera ndi kukuta mapiri. Cikagwa cambiri, alendo amafika miyanda-miyanda kudzacita masewera a ski, ndiko kutsetsereka pa phiri atamanga timatabwa tiwiri tatitali ku mapazi. Mahotela amadzala, ogulitsa zakudya amapindula, ndipo anyamata amapeza nchito pa makina a zingwe okwezera anthu pamwamba pa phiri. Cikapanda kugwa, mudzi wonse umagona ndi nkhongole.

Malonda amenewa ndi akale ndithu. St. Moritz ku Switzerland inayamba kulandira alendo a nyengo yozizira mu 1864, ndipo Chamonix ku France, patsinde pa phiri la Mont Blanc, ndiko kunacitikira Masewera a Olimpiki oyamba a nyengo yozizira mu 1924. Kutsatira citsanzo cimeneci, midzi yambiri imene kale inali kudalira ng'ombe inaika mtima wace wonse pa cipale.

Koma nyengo yasintha, ndipo mapiri a Alps akutentha msanga kuposa malo ambiri pa dziko lapansi. Pa 1 Januwale 2023, pakati peni-peni pa nyengo yozizira, tauni ya Delémont ku Switzerland inatentha kupitirira madigiri 20. Patapita masiku owerengeka, mpikisano waukulu wa ski ku Adelboden unacitikira pa kamzere koyera ka cipale ca makina, uku ndi uku kuli udzu. Madzi oundana a pamwamba pa mapiri a Switzerland, amene akhala osasungunuka kwa mibadwo-mibadwo, anacepa ndi magawo 10 pa 100 alionse m'zaka ziwiri cabe, 2022 ndi 2023.

Eni malo a masewerawa athamangira ku makina. Makinawo amapopera madzi mu mpweya wozizira, ndipo timadontho timaundana tisanafike pansi. Ku Italy pafupi-fupi magawo 90 pa 100 a malo otsetserekapo ali ndi makina otere. Koma makina sapanga cipale popanda kanthu ai. Amamwa madzi oculuka, amadya magetsi, ndiponso amafuna kuti kunja kuzizire kufika pansi pa ziro. Usiku ukafunda, makina odula aja amangoima cabe, koma nkhongole imene anagulira siima.

Nkhani ya madzi ndiyo yaikulu koposa. Ku La Clusaz, mudzi wa ku France wodziwika ndi ski komanso ndi ng'ombe za mkaka, akulu a mudzi anafuna kukumba dziwe lalikulu m'nkhalango ya pa cidikha ca Beauregard, ndipo gawo lalikulu la madzi ace linali la makina a cipale. Anthu otsutsa anamanga misasa m'nkhalangomo kuti mitengo isadulidwe, ndipo mu Okutobala 2022 bwalo la milandu la ku Grenoble linaimitsa nchitoyo. Caka comweco mtsinje wa Po, umene umacokera ku mapiri omwewa, unaphwa kwambiri kotero kuti alimi a mpunga ndi cimanga kumpoto kwa Italy anataya mbeu zao. Dziwe la ku La Clusaz silikanaumitsa Po, pakuti lili ku mbali yina ya mapiri. Koma cilala cimeneco cinasonyeza poyera kuti madzi a ku Alps ali ndi malire, ndi kuti pali midzi, ziweto ndi minda zimene zikuwayembekezera kumunsi.

Ena amati makina akatsekedwa anthu adzasowa nchito ndipo acinyamata adzathawira m'matauni. Mau amenewa ali ndi nzeru, ndipo munthu amene banja lace limadya cifukwa ca hotela sayenera kusekedwa. Ndi zoonanso kuti malo okwera kwambiri, monga Val Thorens imene ili pa mamita 2,300, akali kulandira cipale cokwanira. Bvuto lili pa midzi ya m'munsi, kumene cipale cimasanduka mvula. Kumeneko kugula makina ena kulingana ndi kuthira feteleza m'munda mopanda cinyontho. Ngakhale bungwe loona za kagwiritsidwe ka ndalama za Boma la France, la Cour des comptes, linacenjeza mu Febuluwale 2024 kuti kayendetsedwe ka malo a ski m'dzikolo kakutha mphamvu, ndi kuti cipale ca makina cingathandize kwa kanthawi cabe.

Kansolo ya Faverges-Seythenex, pafupi ndi nyanja ya Annecy, inaona zimenezi msanga. Malo ace ang'ono a La Sambuy anali kutaya ndalama caka ndi caka, ndipo ndalamazo zinali za msonkho wa anthu wamba, ambiri a iwo osasewera ski nkomwe. Mu 2023 kansoloyo inagamula kutseka malowo. Anthu ena anakwiya, maka-maka pakuti makina a zingwe anali kunyamula alendo ndi m'nyengo yotentha yomwe, ndipo dandaulo limeneli linali lomveka. Komabe pa nkhani ya cipale kansolo inalondola. Makansolo ena a midzi ya m'munsi ayenera kuwerenga ndalama zao ndi madzi ao mofananamo tsopano lino, asanasaine nkhongole yina ya zaka 20 pa makina amene nyengo sidzawalola kugwira nchito.