Musamenye ana a Maule ndi ndodo ya 2004

Bullets ikamasewera, khonde la golosale ina pa Khonjeni limasanduka bwalo la milandu. Wailesi amaikhazika pa kreti, anthu n'kuizungulira: akabaza atatsamiritsa njinga zawo kukhoma, anyamata ogulitsa nthochi, abambo amene aweruka kothyola tiyi zala zikadali bii ndi utomoni wa masamba. Muulutsi akangotchula mayina a osewera amene ayambe, chigamulo chaperekedwa kale, mpira usanagundidwe n'komwe. "Ameneyo wamulowetsanso? Kochiyu amadya naye." "Kutsogoloko kulibe munthu." "Goloboyi uyu manja ake ndi sefa." Ndiye amalume anga, amene Kinnah Phiri anamuona ndi maso awo pa sitediyamu ku Blantyre, amayamba atsokomola kuti onse akhale chete, n'kunena mawu awo a sabata ndi sabata: "Iwe mwana iwe, awa si Maule ayi. Maule anatha mu 2004."

Amalume, ulemu wanu sindingauchotse. Ndinu amene munandiveka zofiira ndisanadziwe n'kulemba dzina langa lomwe. Koma apa mukulakwa, ndipo kulakwa kwanuku kwafalikira dera lonse la Kapichi ngati chimfine cha mu June. Mbiri ya timu yathu mwaisandutsa chikoti chokwapulira ana amene sanakulakwireni kanthu.

Mbiriyo sindikuikana. Ndingaikane bwanji? Timuyi inabadwa mu 1967, osewera ena atapatuka ku Wanderers, n'chifukwa chake mpaka lero Manoma timawatchula kuti Neba: ndife a mpanda umodzi, ndipo ndewu ya anansi siitha. Inakula ndi dzina la Bata Bullets. Inatipatsa Kinnah, amene anagoletsera Flames zigoli 71, nambala imene palibe Mmalawi wina waifika, ndipo anali m'gulu limene linabweretsa chikho cha kum'mawa ndi pakati pa Africa mu 1978. Inatipatsa Lawrence Waya. Super League itayamba mu 1986, oyamba kuinyamula tinali ife. Kuchokera 1999 mpaka 2005 tinaitenga kasanu n'kawiri osaphonyetsa. Ndipo mu 2004, Kinnah yemweyo ali mphunzitsi, tinagwetsa Orlando Pirates n'kulowa m'ndime ya magulu ya CAF Champions League, mmene munali matimu 8 okha a Africa yense. Tinakhala gulu limodzi ndi Enyimba, Étoile du Sahel ndi Africa Sports. Enyimba ndi imene inatenga chikhocho chaka chimenecho. Ine ndemwe ndikamakumbukira, tsitsi limanyamuka.

Koma funso limene pakhonde paja safuna kulimva ndi ili: chinapangitsa 2004 n'chiyani, nanga inatisiyira chiyani?

Dzina lenilenilo likuyankha. Timu ija inkatchedwa Bakili Bullets. Inkadya m'thumba la Bakili Muluzi, amene anaitenga ali mtsogoleri wa dziko. Osewera abwino anasonkhanitsidwa malo amodzi, ankalandira, ankadya bwino, ankayenda ngati anthu. Mwendo wa munthu wokhuta umathamanga mosiyana ndi wa munthu amene akuganiza za lendi. Anyamata aja anali ndi luso, inde, koma sanagwe kumwamba. Anali ana a m'makwalala ndi m'midzi yomweyi amene kwa kanthawi anasamalidwa. Thumba lija litatsekeka, zonse zinamwazika ngati nkhuku zoona kabawi. Peter Mponda, Fischer Kondowe ndi Robert Ng'ambi, aliyense pa nthawi yake, anakavala jezi ya Black Leopards ku South Africa. Ife tinatsala ndi nyimbo ndi zithunzi za m'nyuzipepala. Bwalo lathulathu sitinatsale nalo. Sukulu yophunzitsira ana mpira sitinatsale nayo. Ligi titaitenga mu 2005 tinadzaionanso mu 2014, ndipo pakati ponsepo timu ya anthu inkapemphetsa ngati mwana wamasiye. Zaka zimenezo amalume sazitchula. Akafika pa 2005 nkhani imadumpha, wailesi ya m'mutu mwawo imatha mabatire.

Tsono taonani ana amene mukuwanyozawa. Kuyambira 2018 mpaka 2023 ligi sinachoke m'nyumba mwathu, kasanu kotsatizana. Kalisto Pasuwa, amene anali atatenga kale ligi ya ku Zimbabwe kanayi ndi Dynamos, anaumba timu imene mu 2023 inasesa zonse zinayi: TNM Super League, FDH Bank Cup, Airtel Top 8 ndi Castel Challenge Cup. Zikho zinayi chaka chimodzi! Koma pakhonde paja mpaka tsiku lonyamula chachinayi pankamveka mawu akuti "mpira wake ndi wosakoma." Mu 2024 Silver Strikers itatilanda ligi, wotilandayo ali mwana wathu yemwe Mponda, munayamba kuwerenga mayina a osewera oti athamangitsidwe ngati mukuwerenga mbava. Timu imene inakudyetsani zaka zisanu, chaka chimodzi chokha cha njala munaiiwala.

Ndipo chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti chinthu chabwino koposa chimene timuyi yachita m'zaka zimenezi simuchiona n'komwe, chifukwa sichimveka pa wailesi. Ndikunena timu yachisodzera, Bullets Reserve, imene Enos Chatama anaiphunzitsa zaka zambiri. Chimwemwe Idana, Hassan Kajoke, Charles Petro, Patrick Mwaungulu, Lanjesi Nkhoma: onsewa anadutsa mmenemo. Sanagulidwe atapsa kale. Analeredwa. Petro anafika mpaka ku Sheriff Tiraspol ku Moldova. Timu ya 2004 inali ya thumba. Iyi, pang'ono pokha, yayamba kukhala ya nazale.

Ndikudziwa poti mundigwire. Munena kuti pakhomo ndi akamuna, koma akatuluka kunja amabwerako atanyowa: Simba ya ku Tanzania inatitulutsa mu 2022, TP Mazembe inatitulutsa mu 2023. N'zoona, ndipo zimandipweteka monga zimakupwetekerani. Koma tayang'anitsitsani amene anatimenyayo. Mazembe inatenga chikho cha Africa mu 1967, chaka chimene ife tinkabadwa. Yachitenga kasanu. Mu 2010 inafika mu fainolo ya FIFA Club World Cup. Nayonso ili ndi munthu wa thumba lalikulu, Moïse Katumbi, koma ndalama zake anazikwirira m'nthaka: ku Lubumbashi kuli sitediyamu yawoyawo, kuli sukulu yawo ya mpira. Ife, timu ya zaka zoposa 50, takhala tikusewera pa Kamuzu Stadium ya boma, ndipo masewero a CAF amatitengera ku Bingu National Stadium ku Lilongwe, kutali ndi anthu athu. Mu 2019 boma linalonjeza kumangira Bullets ndi Wanderers mabwalo, zaka n'kumadutsa anthu akudikira. Ndiye mwana wa zaka 21 akalephera kudutsa otchinga kumbuyo a Mazembe, mlandu wonsewu mukuusenzetsa iye? Iye ndi amene sanamange bwalo? Mukumenya galu, mwini nyama amene anasiya chitseko chosatseka mukumuombera m'manja.

Anthu a ku Lilongwe kapena ku Mzuzu atalankhula chonchi, mwina ndikanawamvetsa. Koma ife a ku Thyolo? Ife amene tinabadwira pakati pa tiyi? Palibe munthu kuno amene sadziwa kuti tiyi sathyola chaka chimene wabzalidwa. Kamtengo kamayamba kakhala ku nazale, pamthunzi, kakuthiriridwa. Kakapita kumunda kamafuna zaka kasanayambe kupereka masamba odzaza dengu. Kamadulidwa, munda n'kuoneka ngati wapsa, mlendo wodutsa pamsewu n'kumati tiyi uyu wafa, pamene mwini akudziwa kuti mvula ikagwa mu December atuluka masamba anthete. Minda ya Satemwa inayamba mu 1923 ndipo mpaka lero ikuthyoledwa, chifukwa alipo amene amasamala za nazale pamene ena akuyeza masamba pa sikelo. Nzeru imeneyi tili nayo m'manja mwenimwenimu. Koma tikafika pa wailesi timaivula ngati gambutsi, n'kumafuna mnyamata wolowa lero agoletse lero, apo ayi azipita kwawo.

Tikudziwanso kumene tiyi wabwino amapita. Wochuluka amadutsa pa okushoni ku Limbe kapena amagulitsidwa mwachindunji, n'kukwera sitima za pamadzi, ife othyola n'kumamwa wotsalira. Osewera athu ndi chimodzimodzi. Gabadinho Mhango anachoka ku Bullets mu 2013 kupita ku Bloemfontein Celtic akadali mnyamata. Chigoli chakutali chija anamwetsa Morocco ku Yaoundé mu January 2022, chimene chinadzutsa midzi yonse usiku, anachimenya ali wosewera wa Orlando Pirates. Mwaungulu ndi Nkhoma atangoonetsa mano, aku Congo anawatenga. Sindikuwada anyamatawa, mpira ndi ntchito ya zaka zochepa, ndipo wina aliyense amathawira kumene kuli chakudya. Koma musayerekeze timu imene imathyoledwa nsonga chaka ndi chaka ndi timu imene inasungidwa pamodzi ndi ndalama za mtsogoleri wa dziko. Chodabwitsa si chakuti ana a lero amagonja kwa Mazembe. Chodabwitsa n'chakuti amaphukiranso.

Nanga ifeyo, oweruza a pakhonde, taikapo chiyani? Wosewera akaphonya penate timathamangira kunena kuti wagulitsa gemu, mawu oti akhoza kupha dzina la mwana wa munthu, popanda umboni ngakhale wa kambewu kampiru. Jezi timavala ya pa kaunjika kapena yachinyengo, imene timu sipezapo ngakhale tambala. Amene amapita ku Blantyre kukaonera, ena amayamba afufuza wachibale wa pageti. Ndipo anyamata ambiri a pa Khonjeni ndi pa Luchenza akhoza kukuuzani osewera onse a Arsenal mpaka a pabenchi, amalipira kuti akaonere mpira wa ku England m'nyumba za kanema, koma ukawafunsa amene akusewera kumbuyo kumanzere ku Bullets amayang'ana kumwamba. Wosalima asamatukwane nkhokwe.

Pafupi ndi kwathu pali sukulu ya pulayimale imene bwalo lake ndi lopendekeka, moti timu yotsetsereka imakhala ngati yayamba ndi chigoli chimodzi. Malo athyathyathya kuno ndi osowa. Ambiri ali pansi pa tiyi, otsalawo tinagawana timinda ta chimanga ndi nthochi. Magolo ake ndi mitengo ya bulugamu, wapamwamba wopindika pakati. Pamenepo ndinaona kamnyamata ka sitandade 6, kopanda nsapato, chala chachikulu chitamangidwa kansanza, kakuimitsa mpira wochokera m'mwamba ndi phazi lamanzere ngati kaika dzira m'mbale. Mpirawo unali wachikulunga, wa mapepala apulasitiki ndi zingwe. Kanadutsa anzake atatu, kanayang'ana kaye, n'kupatsira mnzake amene anali pabwino mmalo momenya kokha. Kuyang'ana kumeneko saphunzitsa. Amayi ake amathyola tiyi. Nyengo ya masamba ikafika, kamnyamatako kamatsala ndi ang'ono ake pakhomo, masewero n'kuima. Pakapanda munthu wokaona, pofika zaka 17 kadzakhala kakupalasa kabaza, kapena kali ndi dengu kumsana, n'kumakhala nafe pakhonde paja kutukwana ana a anthu ena.

Mpira umene ana ngati amenewa amauona ndi wa bonanza. Chisankho chikayandikira, wofuna mpando amabwera ndi mayunifolomu, mipira iwiri ndi chikho chonyezimira, zithunzi n'kujambulidwa, fainolo n'kudzaza anthu. Mavoti akawerengedwa, bwalo limamera udzu mpaka zaka zisanu. Amalume, kodi simukuona kuti ameneyu ndi 2004 wamng'ono? Ndi matenda omwewo: mpira wa munthu mmodzi, umene umabwera ndi iye n'kupitanso ndi iye. Mukamalira 2004, mukulira tsiku la phwando, n'kuiwala kuti m'mawa mwake m'nyumba munalibe ufa.

Choncho mkwiyo wanuwo musautaye, ndi wofunika. Ungolunjika koyenera. Funsani za mabwalo amene analonjezedwa. Funsani a FAM ndi a Sulom kuti mpira wa ana m'maboma ngati Thyolo uli pati pa ndondomeko zawo, ndipo ndani amauyang'anira mwezi ndi mwezi. Uzani akuluakulu a Bullets kuti timu ya anthu ili ndi anthu kunonso, kuseri kwa Bvumbwe, ndipo maso awo ofufuza osewera afike mpaka kuno. Uzani eni minda ya tiyi, amene thukuta la makolo a anawa limawadzazira mafakitale, kuti kusalaza bwalo limodzi ndi kulipira mphunzitsi mmodzi wa ana sikungagwetse kampani. Zimenezi ndiye zoti tizikangana pakhonde, mokweza, mpaka mawu atasasa.

Za Kinnah muzitiuzabe, ndimazikonda, ndipo ana anga adzazimva kwa ine. Koma Lachisanu likubwerali ana a pasukulu paja akusewera ndi anzawo a tsidya la mtsinje, 2 koloko masana. Ndidzakudzerani. Mudzatenge kampando kanu, ndiponso pampu ya njinga yanu ija, chifukwa mpira wachikopa umene aphunzitsi anabwereka umaphwa theka loyamba lisanathe.