Salmo Limodzi Patsiku, Ngakhale pa Tsiku la Msika

Mwezi uno tikambirane za Baibulo limene limatuluka m'chikwama Lachisanu dzuwa likamalowa n'kubwereramo Sabata likatha. Mabaibulo otere alipo ambiri m'makomo mwathu kuno ku Mchinji, ndipo eni ake ndi anthu okonda Mulungu ndithu. Ndi mayi amene amalawirira ku munda wa mtedza nkhuku zisanatsike, mnyamata wa kabaza amene amadikira anthu pa boma, bambo amene amawoloka malire pa Mwami kukaoda katundu ku Chipata. Akamva kuti Mkhristu aziwerenga Mawu tsiku ndi tsiku amavomera ndi mtima wonse, koma funso lawo ndi limodzi: nthawi yake iti?

Funso limeneli ndi lakale. Ayuda, amene anatisungira mabuku a Chipangano Chakale, analimbana nalo zaka zambiri ife tisanabadwe, ndipo njira imene anapeza ingatithandize.

M'masunagoge awo, mabuku asanu a Mose, amene iwo amawatcha Torah, anagawidwa m'zigawo 54. Sabata lililonse amawerenga chigawo chake, nthawi zina ziwiri, kotero kuti chaka chikamatha amakhala afika kumapeto kwa Deuteronomo. Akatero amabwereranso ku Genesis tsiku lomwelo. Pambuyo pa chigawo cha Mose amawerenga ndime ya m'mabuku a aneneri. Mwambo wowerenga Chilamulo ndi Aneneri pa Sabata timaupeza m'Chipangano Chatsopano. Pa Luka 4, Yesu analowa m'sunagoge wa ku Nazarete pa Sabata, anapatsidwa mpukutu wa Yesaya ndipo anawerenga. Pa Machitidwe 13:15, Paulo anapemphedwa kulankhula ku Antiokeya wa m'Pisidiya anthu atamaliza kuwerenga Chilamulo ndi Aneneri.

Koma Ayuda sanaone kuti Sabata lokha n'lokwanira. Amawerenganso Torah Lolemba ndi Lachinayi m'mawa. Mabuku awo akale amagwirizanitsa dongosolo limeneli ndi Ezara, ndipo amafotokoza kuti masiku awiriwa ndi amene anthu a m'midzi ankabwera m'tauni, pa masiku a msika. Aphunzitsi awo ankakumbukira nkhani ya pa Eksodo 15:22, pamene Aisraeli anayenda masiku atatu m'chipululu osapeza madzi, ndipo ankati munthu asathe masiku atatu osamva Mawu a Mulungu. Kuwerenga kwa pakati pa mlunguku n'kwakufupi: anthu atatu okha ndiwo amaitanidwa kutsogolo, ndipo mavesi 10 amakwanira. Anakonza dala chotero kuti wantchito asachedwe ku ntchito yake.

Taganizirani zimenezi mukakhala pa msika wa Kamwendo, wa Kapiri kapena wa Mkanda. Tsiku limene ife timati ndatanganidwa, lero sinditsegula Baibulo, ndi tsiku limene iwo anasankha kuti Mawu amveke. Anafupikitsa kuwerengako kuti kulowe m'tsiku la munthu wotanganidwa.

Ambiri a ife timagwa chifukwa choyamba ndi mtolo waukulu. Baibulo lili ndi machaputala 1,189. Munthu akamawerenga atatu patsiku ndi asanu pa Sabata amalimaliza m'chaka chimodzi, ndipo amene angathe achite zimenezi. Koma ena amayamba ndi moto mu Januwale, nthawi yopalira ndi kubandira ili pachimake, amatsalira masiku anayi, manyazi amawagwira, Baibulo n'kubwerera m'chikwama. Akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo. Palibe mayi amene amaphika nsima ya mlungu wonse tsiku limodzi n'kuuza ana kuti adyeretu. Ngakhale mana a pa Eksodo 16 ankatoledwa m'mawa uliwonse, okwanira tsiku limenelo, ndipo osungidwa ankachita mphutsi, kupatula a tsiku lachisanu ndi chimodzi amene ankafika mpaka pa Sabata.

Kwa amene akufuna poyambira, nali dongosolo lina la Ayuda lomwelo. Buku lawo lakale lotchedwa Mishnah limatchula masalmo asanu ndi awiri amene Alevi ankaimba m'Kachisi ku Yerusalemu, limodzi tsiku lililonse la mlungu. Mpaka lero Ayuda amawanena m'mapemphero awo a m'mawa. Onse pamodzi ali ndi mavesi 91 okha.

Tsiku loyamba la mlungu, Salmo 24. Likutikumbutsa kuti dziko ndi zonse za m'menemo mwini wake ndi Yehova, ndiponso kuti woima pamaso pake akhale wa manja oyera. Wogula soya ndi mtedza aliwerenge asanapachike sikelo yake.

Lolemba, Salmo 48. Likunena za mzinda wa Mulungu ndi udindo wofotokozera mbadwo wakudza. Ndi labwino kuwerenga ana asananyamuke kupita kusukulu.

Lachiwiri, Salmo 82, mavesi 8. Mulungu akudzudzula oweruza okondera ndipo akufuna chilungamo kwa amasiye ndi aumphawi. Anyakwawa, akulu a mpingo ndi aliyense woweruza mlandu wa malire a munda aliganizire bwino.

Lachitatu, Salmo 94, lalitali pa onsewa, mavesi 23. Ndi pemphero la munthu woponderezedwa, ndipo vesi 19 likunena za chitonthozo cha Mulungu pamene nkhawa zachuluka mumtima. Amene akudikirira wodwala pa chipatala cha Mchinji kapena pa chipatala chathu cha Mwami apeza mnzawo m'salmo limeneli.

Lachinayi, Salmo 81. Mulungu akukumbutsa Israeli kuti ndiye anamutula katundu paphewa ndi kumasula manja ake ku dengu. Wosenza matumba adzalimva msanga.

Lachisanu, tsiku lokonzekera, Salmo 93, mavesi 5 okha. Madzi osefukira akukokoma, koma Yehova ndi wamphamvu kuposa iwo. Ntchito ikachuluka dzuwa lisanalowe, mavesi asanu sangakuchedwetseni.

Sabata, Salmo 92. Mutu wake womwe ukusonyeza kuti ndi nyimbo ya tsiku la Sabata. Likuyamika chifundo cha Mulungu m'mawa ndi kukhulupirika kwake usiku, ndipo likulonjeza kuti olungama adzabalabe zipatso atakalamba. Agogo apatsidwe mwayi woliwerenga kapena kuliwerengeredwa.

Kawerengedwe kake kakhale kotere. Werengani mokweza, m'chinenero chimene aliyense m'nyumbamo akumva. Buku Lopatulika lakhala m'manja mwathu kuyambira 1922, ndipo ngati mawu ena akale akuvuta ana, wamkulu awamasulire, monga Alevi anachitira pa Nehemiya 8 pamene Ezara ankawerenga Chilamulo pabwalo, iwo n'kumafotokozera anthu tanthauzo. Kenako funsanani mafunso awiri: salmoli latiuza chiyani za Mulungu, ndipo lero tichite chiyani? Mmodzi apemphere mwachidule. Mphindi zisanu kapena zisanu ndi ziwiri zakwana, phala lisanazizire.

Wina angafunse ngati si kotopetsa kubwereza masalmo omwewo mlungu ndi mlungu. Kubwerezako ndiko kumathandiza. Pakatha miyezi itatu, salmo lililonse mwaliwerenga maulendo 13, ndipo mwana wa Sitandade 4 amakhala waloweza lalifupi lija. Agogo amene maso anafooka amayamba kutsatira ndi pakamwa. Deuteronomo 6 ikulamula makolo kukamba Mawu ndi ana awo pokhala m'nyumba, poyenda panjira, pogona ndi podzuka. Mawu oloweza ndi amene amatheka kukambidwa panjira, manja ali pa khasu kapena pa chiwongolero cha njinga.

Phindu lina n'la ife a m'malire makamaka. Mabanja ambiri kuno amagona mosiyana: bambo ali ku Chipata kapena ku Lusaka, mwana ali pa sukulu yogonera komweko, mayi ali pakhomo. Ngati banja lagwirizana kuti Lachitatu ndi Salmo 94, onse amatsegula tsamba limodzi m'mawa womwewo, popanda kugula mayunitsi kapena kudikira netiweki. Pobwerera kunyumba amapeza kuti ali ndi chokambirana.

Sitikunena kuti dongosolo limeneli ndi lamulo, kapena kuti lilowe m'malo mwa phunziro la Sukulu ya Sabata ndi kuwerenga Mauthenga Abwino. Ndi khomo lolowera. Masalmo ndi amene Yesu ankapemphera nawo, ndipo pa Luka 24:44 iye mwini anauza ophunzira kuti Chilamulo cha Mose, Aneneri ndi Masalmo zimanena za iye. Mukazolowera, onjezani mavesi ochepa a m'buku la Marko kapena la Yohane madzulo.

Mukaphonya tsiku, musadziunjikire ngongole yoti mubweze. Tsegulani salmo la tsiku limene mwadzukalo. Usiku uno lembani manambala asanu ndi awiriwa pa kapepala: 24, 48, 82, 94, 81, 93, 92. Kamateni pa chitseko, ndipo Baibulo ligone poonekera, pafupi ndi makapu a tiyi. Ambuye adalitse makomo anu.