Njanji ilipo ku Moatize, koma mlimi wa ku Ntengo-Wambalame akafikako bwanji?

Mu Seputembala 2023, mzinda wa Lagos ku Nigeria unayamba kuyendetsa sitima ya anthu yotchedwa Blue Line. Siteshoni yake ya Marina inamangidwa m'mwamba pa zipilala. Munthu akatsika masitepe amapeza mabasi, ndipo kokwerera maboti n'kosatalika. Gawo loyamba la njanjiyi ndi makilomita 13 okha, kukafika ku Mile 2, koma ndi yothandiza chifukwa wotsika sitima sasowa chokwera china.

Phunziro limeneli likukhudza alimi a m'maboma a Tsangano ndi Macanga. Chigawo cha Tete chili ndi njanji ziwiri zoyambira ku Moatize. Ya Sena imatsikira ku doko la Beira, pomwe ya Nacala, yotalika makilomita 912, imadutsa m'Malawi. Zonse ziwiri zimanyamula kwambiri malasha, ngakhale kampani ya CFM imayendetsanso sitima ya anthu pakati pa Moatize ndi Beira.

Vuto lili pa ulendo wochokera kumunda kukafika ku siteshoni. Mlimi wa kachewere ku Ntengo-Wambalame amayamba ndi ngolo kapena njinga yamoto mpaka pamsewu wa N304. Pamenepo amadikira lole kapena chapa yopita ku Mussacama, kenako n'kulowa msewu wa N7 wopita ku Moatize. Paliponse posintha galimoto amalipirira thumba lililonse, komanso olikweza ndi olitsitsa. M'dzinja, misewu yafumbi ikaterera, kachewere amawolera panjira. Wa ku Furancungo nayenso ali ndi mtunda wautali asanaone njanji.

N'chifukwa chake ambiri amagulitsira kumunda komweko, pamtengo wonena wogula. Ena amapita ku misika ya m'malire monga Lizulu ndi Tsangano Turn-off, komwe amalandira makwacha. Boma la Malawi litachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama yomweyo inayamba kupereka mametikali ochepa posintha.

Chitsanzo cha m'dziko momwe muno chili ku Maputo, komwe mu 2017 kunayamba Metrobus: mabasi ankatenga anthu m'madera n'kukawatula pa siteshoni nthawi yomwe sitima inkanyamuka. Ku Tete sikufunika siteshoni ya m'mwamba kuti izi zitheke. Chofunika ndi misewu ya m'midzi yodutsika chaka chonse, malole okhala ndi tsiku lodziwika, nyumba yosungiramo mbewu pa siteshoni ya Moatize, ndi bogi ya zokolola pa sitima ya ku Beira.

Magulu a alimi ndi mafumu angathe kufikitsa mfundo zimenezi ku misonkhano ya boma pokonza bajeti ya chaka chamawa. Zikapanda kutero, malasha apitiriza kufika kunyanja pa nthawi yake, kachewere wa ku Tsangano akudikirabe galimoto m'mbali mwa msewu.